Simunasochere Nyimbo, Bambo

Leith, Edinburgh
17 Epulo 1994

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi Amayi. Kodi muli bwanji kumeneko pachilumba cha Uist? Chifuwa chija chinakugwirani mu Febuluwale chinatha, kapena mukungochibisa monga mwa chizolowezi chanu? Achimwene a Tormod anandiuza pa foni kuti mankhwala a kuchipatala munawaimika pawindo kuti azikongoletsa nyumba, kumwa ayi. Imwani, Bambo. Nyengo ino nkhosa zikuswa, ndipo ndikudziwa kuti mukumakwera kuphiri mvula ili pamsana.

Ife kuno tili bwino, tikuthokoza Mulungu. Ine ndikuyendetsabe basi yanga ya kudoko, kungoti bondo lakumanzere layamba kudandaula. Mkamwini wanu, a Cathal, anenepa. Denga la kukhitchini likudontha pamwamba penipeni pa chitofu, ndipo iwo akuti alikonza Loweruka. Loweruka limenelo takhala tikulidikira kuyambira pa Khirisimasi.

Nsomba zamchere zimene Amayi anatumiza zinafika bwino. Aneba athu a m'nyumba ya pansi anadandaula za fungo masiku atatu, koma titawagawira ziwiri madandaulo anathera pomwepo.

Tsopano khalani pansi, ndipo musaipinde kalatayi mukaona dzina limene ndikufuna kulemba. Nkhani yanga ndi ya "Kuwoloka kwa Akavalo." Ndikudziwa kuti m'nyumba mwathu nyimbo imeneyi sitchulidwa. Koma ine ndili kutali, simungandithamangitsire panja, ndiye ndaitchula.

Mwina mumaganiza kuti ndinali mwana, ndinaiwala. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndine ndinakunyamulirani bokosi la zitoliro pa mpikisano wa kumtunda uja mu 1971. Mpaka lero ndimakuonani, thumba lili kukhwapa, mipope itatu ili paphewa, mukuyenda pang'onopang'ono pamatabwa. Mutafika pamzere wachiwiri, paja nyimbo imabwerera m'mbuyo kamodzi isanapitirire, a Kinnaird, mkulu wa majaji, anayang'ana m'buku losindikiza limene linali patebulo, anayang'ana inu, kenaka anaika pensulo pansi. Pambuyo pake ananena pagulu kuti mwasochera, mwaonjezera kachigawo kamene m'buku mulibe. Inu munati umo ndi momwe bambo anu anakuphunzitsirani pakamwa. Iwo amvekere, pano sitiweruza za bambo a munthu, tiweruza za m'buku.

Pobwerera kuchilumba, tisanatsike n'komwe m'sitima, anthu a kwathu omwe anali atakupatsani kale dzina loti Lachlan Woonjezera. Kugolosale munthu akamagula shuga ankati, mundiyezere wa Lachlan, wokhala ndi kapamwamba. Zitoliro zinalowa kunsi kwa bedi, ndipo sizinatulukenso. Ine nane munangosiya kundiphunzitsa nyimboyo. Tinali titafika pakhomo penipeni pa chigawo chomaliza, chothamanga chija, inu n'kuti basi, zatha. Ndinene zoona, Bambo: zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndi mkwiyo, wambiri wa a Kinnaird, koma wina ndi wa inu.

Mverani tsono zimene zachitika.

Mu Okutobala, Lamlungu lina masana, ndinkasenda mbatatesi. A Cathal anali pabalaza akuliza zitoliro za kwawo ku Ireland, zija mumati n'za alesi chifukwa amaliza atakhala pampando, mpweya akupopa ndi chigongono. Mnzawo wina anawatumizira fotokope ya buku lakalekale losindikizidwa ku Dublin, ndiye ankangoyesa nyimbo imodzimodzi. Ina itayamba, mpeni unandigwa m'manja. Inali yofulumira, yovinira, koma mafupa ake anali athu. Ndipo pamzere wachiwiri inabwerera m'mbuyo kamodzi isanapitirire.

Ndinawauza kuti abwereze. Anabwereza. Ndinawauzanso. Atabwereza kachitatu anandifunsa ngati mbatatesi zandikwera kumutu. Nditawaimbira yathu pakamwa monga munandiphunzitsira, anaseka. Amvekere, "Waona, Marsaili? Chilichonse chokoma kwanu kuja munachita kuba kwathu." Ine ndinati kaya anaba ndani, koma kwanu munatenga nyimbo yaulemu n'kuisandutsa ya kumowa.

Titatha kunyozana anandiuza chanzeru. Anati buku la zovina la ku Ireland palibe jaji wa kuno angaliyang'ane kawiri. Chofunika ndi zolemba pamanja za woliza zitoliro wa kwathu konkuno, wakale kuposa buku la majaji lija. Anati mapepala oterowo alipo ku laibulale yaikulu m'tauni muno, kungoti amene amawatsegula ndi ophunzira okhaokha. Ndinati nanga ine ndilibe maso?

Ndimapuma Lolemba, ndiye Lolemba lililonse ndinkapita. Kumeneko kuli Mayi Rennie, amene amasunga mapepala akale olembedwa pamanja. Ndi mayi wamfupi, wa nkhope yoopsa, moti tsiku loyamba ndinaganiza kuti sitidzamwerana madzi. Bolopeni amalanda pakhomo, umalowa ndi pensulo yokha. Buku amaligoneka pa pilo ngati khanda.

Poyamba ndinachita zopusa. Miyezi iwiri yathunthu ndinkafufuza dzina, "Kuwoloka kwa Akavalo," m'ndandanda uliwonse umene anandipatsa. Ndinalipeza m'buku la majaji mokha, kwina konse zii. Nditayamba kupsa mtima, Mayi Rennie anandiuza kuti ndikutaya nthawi. Akuti akale ankasintha mayina a nyimbo ngati malaya. Kukabwera bwana watsopano, woliza zitoliro ankatenga nyimbo yakale n'kuipatsa dzina la bwanayo kuti adye bwino. Zina ankazilemba zopanda dzina n'komwe. Akuti nyimbo siifunidwa ndi dzina, umachita kuimva.

Ndiye anandibweretsera mabuku awiri achikopa, olembedwa ndi munthu wina wa ku Islay dzina lake Dougal MacEachern, m'chaka cha 1796. Ndinatsegula, Bambo. Munalibe timadontho ta pamizere tolembera nyimbo tija ta kusukulu. Munali mawu athu a pakamwa, hinda, hiharin, hodroho, omwe aja munkandiimbira tikukonza maukonde, liwu lililonse likuuza zala pogwira. Ndinali ndisanaonepo mawu amenewa ali papepala. Ndinkayesa kuti amangokhala m'kamwa mwanu.

Vuto linali lakuti ophunzira amawerenga zimenezi ndi maso, n'kumazisandutsa timadontho pa pepala lina. Ine sindingathe. Ine pakamwa pakapanda kugwedezeka, mutu sumva kanthu. Ndiye ndinayamba kung'ung'udza chapansipansi. Bambo wina wandevu amene anakhala moyang'anizana nane anatsokomola kawiri, kachitatu n'kuti, "Mayi, muno si m'tchalitchi." Ndinamuyankha kuti mukanakhala m'tchalitchi bwenzi ndikukweza. Paja lilime ili ndinatengera kwa azakhali.

Mayi Rennie anabwera n'kundiuza kuti nditenge chikwama changa ndiwatsate. Ndinati basi, Marsaili, wathamangitsidwa, ukanene chiyani kwa a Cathal. Koma anandilowetsa m'kachipinda kosungiramo mamapu, anaika buku pa pilo, anayatsa kahita, n'kuti, "Imbani muno. Zaka makumi awiri ndalisunga bukuli, sindinalimvepo likulankhula." Kuyambira tsiku limenelo ndimawakonda mayi ameneyu.

M'mabuku awiriwo muli nyimbo zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo MacEachern ankalemba ngati nkhuku yapalasa. Ndinkaimba mzere woyamba wa nyimbo iliyonse, wachiwirinso, kenaka ndipite pa ina. Disembala anatha, Januwale, Febuluwale. Masiku ena ndinkatuluka mawu atasasa, ndikudzitukwana ndekha kuti mayi wamkulu ndikutaya tsiku langa lopuma ndi munthu amene anafa kalekale. Amayi amakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu mukudziwa kuti tsiku limene ankagawa kudekha ine kunalibe. Chinkandibweza Lolemba lotsatira ndi liuma basi, lomwe lija lanu.

Pa 14 Malichi, cha m'ma 2 koloko masana, ndinafika pa nyimbo ya nambala 112. Pamwamba pake analemba kuti yopanda dzina, anaitenga kwa munthu wa ku Ireland wogulitsa akavalo pamsika. Ndinayamba kuimba mwaulesi monga zinzake. Ndisanamalize mzere woyamba, pakamwa panga panali patatsogola kale, maso akutsalira m'mbuyo. Zala zinali zikuyenda zokha pa pensulo.

Pamzere wachiwiri ndinachita mantha. Ndinatsinzina, n'kuuimba wonse monga munandiphunzitsira inu, ndi kubwerera kwake komwe. Kenaka ndinatsegula maso.

Kalipo, Bambo. Kachigawo kanu kalipo, liwu ndi liwu.

Ndipo imvani izi. MacEachern naye anakakayikira. Anakalemba, kenaka anakakhwatcha ndi mzere, mwina poona kuti mzere wachiwiri watalika kuposa anzake. Koma pamwamba pake anakalembanso ndi inki ina, n'kuikapo mawu akuti, ndi momwemo, ndafunsanso. M'mphepete mwa tsambalo muli dzanja lina, laudongo, la pensulo, lakuti wabwereza molakwitsa, pachotsedwe. Mayi Rennie akuti limenelo ndi dzanja la munthu amene anakonza buku la majaji lija, pakuti anabwereka mabukuwa zaka zambiri zapitazo. Ankafuna mizere yofanana kutalika ngati mizere ya mbatatesi, ndiye chimene chinapitirira anachidula.

Simunasochere nyimbo, Bambo. Inu simunaonjezere kanthu, iwo ndiwo anachotsa.

Ndinalira, sindikubisirani. Ndinalira mokweza moti Mayi Rennie anathamangira kudzaona ngati ndang'amba tsamba. Atamva, anayamba achotsa kaye buku kuti misozi isagwerepo, kenaka ndi pomwe anandikumbatira. Tinakamwera tiyi pakhonde ngati anthu oti achokera ku ukwati.

Koma pali china chimene sichikusangalatsani, ndipo ndazengereza mwezi wathunthu kuti ndilembe. Kwathu timati nyimboyi anaipeka ndi agogo a Iain, tsiku lija anawolotsa akavalo pamchenga nyanja ikudzaza. Pamwala wa pamanda awo palembedwa kuti anabadwa mu 1811. Bukuli ndi la 1796. Nyimbo inalipo iwo asanabadwe, ndipo zikuoneka kuti inachita kuwoloka nyanja kuchokera ku Ireland. Mwina agogo anaipatsa dzina lathu, koma kupeka sanapeke.

Masiku oyamba zinandiwawa. Koma pano ndikaganiza, mtima umadzaza. Taonani: anthu a mapepala, a inki, a makina osindikizira, anailandira nyimbo ili yathunthu n'kuithyola. Ife, anthu a nkhosa ndi maukonde, tinainyamula pakamwa, agogo a Iain kupatsira mwana wawo, iwo kupatsira bambo anu, bambo anu kupatsira inu, osataya ngakhale liwu limodzi. Ndikamayendetsa basi n'kukumbukira zimenezi ndimapezeka ndawongola msana, ndipo okwera amadabwa kuti lero dalaivala akupereka moni kwa aliyense.

A Cathal ndiye musanene. Akuyenda m'nyumba muno ngati tambala. Akuti ndikuuzeni kuti nyimbo yawo mwaisunga bwino, ndipo akabwera mu Ogasiti adzaitenga. Ndawauza kuti ayambe akonza denga.

Tsopano za a Kinnaird. Akadali moyo, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi, amakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Perth. Lolemba la Pasaka ndinakwera sitima ya pamtunda, fotokope ili m'chikwama, nkhondo ili mumtima. Mawu oti ndikawauze ndinali nditawakonza kwa zaka zambiri, ena mwa iwo oti Amayi sangakonde kuwamva.

Ndinapeza kankhalamba kakang'ono, kali m'masilipasi, bulangete lili m'miyendo. Munthu amene ndinkamuona ngati phiri. Ndinangowapatsa pepala. Anatenga galasi lokuzira zilembo, n'kuyamba kuwerenga, zala zikuyenda pa ndodo yawo. Atafika pamalo paja zala zinaima. Anabwerera, anafikaponso, zinaimanso. Kachitatu anadzutsa mutu n'kuti, "Inu ndinu mwana wa Lachlan MacPhee." Ndinali ndisanawauze dzina la kwathu.

Anati tsiku limenelo amalikumbukira bwino. Akuti khutu lawo linavomera, maso ndiwo anakana, ndipo iwo anatsata maso chifukwa ankaopa kuti majaji anzawo adzati sadziwa buku. Anati mwa onse amene analiza tsiku lija, palibe anafika pa inu. Mawu anga onse aja anathawa. Limodzi lokha ndinalipeza: ndinawafunsa ngati akudziwa dzina limene anakusiyirani kwathu. Anati ayi. Ndinawauza, ndi nkhani ya shuga yomwe. Anawerama nthawi yaitali, mpaka mwana wawo anabwera kudzafunsa ngati zonse zili bwino.

Analonjeza kuti alembera ku magazini ya oliza zitoliro, ndi dzina lawo pansi, kuti chigamulo cha 1971 chinali cholakwika. Ndinkayesa zongonena, koma Lachitatu lapitali ananditumizira kope ya zimene alembazo, ndipo ndaiika muno. Muwerenge nokha. Mukatha mupatse a Tormod akaiwerenge mokweza kugolosale, makamaka nthawi imene amalume a Ruairidh ali pomwepo, poti iwo ndiwo ankaseka kuposa onse.

Nditaimirira kuti ndizipita, a Kinnaird anandigwira mkono n'kufunsa ngati mumalizabe zitoliro. Bambo, ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti simunasiyepo ngakhale tsiku limodzi. Sindikanalola kuti munthu ameneyo adziwe kuti anakutsekani pakamwa zaka zonsezi. Iwo anapuma mpweya waukulu, n'kuti athokoza Mulungu, chifukwa chimene ankaopa kwambiri chinali chimenecho. M'sitima pobwerera sindinathe kudya ngakhale sikono imene mwana wawo anandikulungira.

Ndafika pa pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Buku la MacEachern silinafike kumapeto. Tsamba lomaliza la nyimbo yathu linadyedwa ndi chinyontho, patsala kachidutswa kosawerengeka. Buku la ku Dublin lili ndi chiyambi chokha. La majaji lili ndi mathero, koma mwini wake anavomera pansi pa tsamba, m'tizilembo tating'ono, kuti anachita kuwalumikiza yekha potsata mizere imene anaidula kale. Mayi Rennie alembera makalata ku Glasgow, ku Dublin ndi ku Canada komwe, ndipo onse ayankha kuti alibe. Ndiye kuti chigawo chomaliza chenicheni chatsala malo amodzi pa dziko lonse, ndipo malo akewo ali ndi chifuwa, akukana kumwa mankhwala.

Ndiimbireni, Bambo. M'phukusimu muli kaseti yatsopano. A Tormod ali ndi wailesi yojambulira, ndawauza kale kuti adzangodina batani n'kutuluka panja ngati simukufuna wina m'chipinda. Sindikunena za zitoliro, ndikudziwa kuti thumba linauma ndipo timabango ta m'mipope tinafa. Ndikunena pakamwa, monga munkachitira ndi ine, hinda ndi hiharin, kuyambira pamene tinalekezera mpaka kumapeto. Mukatsokomola pakati musafufute, pitirizani.

Mayi Rennie akuti kasetiyo adzaisunga pamodzi ndi buku, dzina lanu lili pamwamba. Zimenezo n'zabwino, koma si chifukwa chake ndikupempha. Sindikupemphera laibulale, sindikupemphera a Kinnaird. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo nyimbo ya kwathu ndimaidziwa yoduka. Ndikamaiimba ndimafika pamalo paja n'kungoti chete ngati munthu woiwala, chonsecho sindinaiwale, sindinapatsidwe. Ndinganene kuti mukakana sindikwiya, koma mukundidziwa, ndikwiya.

Ndipo musandiuze kuti munaiwala. Chaka chatha pa Misa ndinakhala kumbuyo kwanu. Nthawi yonse ya ulaliki zala zanu zinali zikuyenda pa benchi. Ndinazitsata mzere woyamba, wachiwiri, mpaka pamene ine ndimalekezera. Izo sizinalekeze, zinapitirira, zikuthamanga, ine ndikungoyang'ana osadziwa chimene zikunena. Wansembe atati tiimirire ndi pamene munazilowetsa m'thumba la jekete.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuivala tsiku lililonse kuntchito. Moni kwa achimwene a Tormod ndi alamu anga, kwa azakhali a Floraidh, ndi kwa amalume a Ruairidh ngakhale sakuyenera. A Cathal akupereka moni waulemu kwa apongozi awo, akuti zonyoza zija asunga kuti mudzanyozane pamaso.

Kwa a Kinnaird ndinanama, ndipo ndikaulula kwa wansembe Loweruka likubwerali. Koma ine, Bambo, chiyambire sindinakunamizenipo. Pa matabwa paja tsiku lija, anthu onse akuyang'ana m'buku, ine ndinkayang'ana inu, ndipo ndinkadziwa kuti bambo anga akuliza bwino.

Ndine mwana wanu wouma mutu,
Marsaili